Kodi Mai DeLany Anaba Mwana?

Munthu akachoka pa Milange pano, naoloka mtsinje wa Muloza, nazungulira phiri la Mulanje, amafika ku Chiradzulu tsiku lomwelo ngati wakwera galimoto. Kumeneko kuli malo otchedwa Mbombwe. M'chaka cha 1902 kunafika mai wina wakuda wochokera ku America, dzina lake Emma DeLany. Anakhalako zaka zochepa chabe, akuphunzitsa ana ndi amai. Atabwerera kwao, mnyamata wina amene anamphunzitsa anathawa kwa makolo ake, nawatsata mpaka ku America. Anakhala kunja zaka pafupifupi 20.

Funso lathu nali: kodi mai ameneyu anachita bwino, kapena analakwira makolo a mwanayo? Funsoli si la ku Chiradzulu kokha ai. M'makalasi athu a akuluakulu timamva amai ena akuti, "Sukulu imaba ana. Ukamphunzitsa, wamtaya." Mau amenewa tisawaseke. Tiyeni tiwayese ndi nkhani ya mai DeLany, tione ngati ali oona.

Tiyambe ndi kumene anachokera. Emma DeLany anabadwa mu 1871 ku Fernandina, m'dera la Florida, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ukapolo wa anthu akuda unali utatha ku America zaka 6 zokha m'mbuyomo, mu 1865. M'nthawi ya ukapolo madera ambiri a kumwera kwa dzikolo anali ndi lamulo loletsa kuphunzitsa kapolo kuwerenga ndi kulemba. Taonani abale, eni akapolo sanaope khasu m'manja mwa kapolo, koma anaopa cholembera. Ankadziwa kuti kapolo wodziwa kulemba angathe kudzilembera yekha chiphaso cha ulendo, nathawa. Tsono iwonso ankadziwa chimene amai athu aja akunena, chakuti munthu wodziwa kuwerenga sakhalitsa pamene wamuika.

Emma anaphunzira pa sukulu ya Spelman mumzinda wa Atlanta. Sukulu imeneyi inayamba mu 1881 m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, ndi ophunzira 11 okha. Ambiri a iwo anali amai akuluakulu, ena obadwira mu ukapolo, ofuna kudziwa kuwerenga. Ife amene tagwira pensulo koyamba tili ndi mwana kumsana tingawamvetse bwino amai amenewo. Pamene Emma ankalowa, sukuluyo inali itakula. Anaphunzirako ntchito ya umishoni ndi ya unamwino, ndipo mpingo wa anthu akuda wotchedwa National Baptist Convention ndiwo unawatuma kuno.

Sanali iwo okha mai wa ku America amene anayenda mu Africa masiku amenewo nalemba za ulendo wake. Mu 1891 mzungu wina wolemera, May French Sheldon, ananyamuka ku Mombasa kunka ku phiri la Kilimanjaro ndi amtengatenga oposa 100. Anali ndi machila aoao okongola. Ife a ku Zambezia machila timawadziwa, pakuti agogo athu anatupa nao mapewa ponyamula azungu a minda ndi a boma. Anthu a m'njira anawatcha maiwa Bebe Bwana. Atabwerera analemba buku lalikulu lotchedwa Sultan to Sultan, limene linatuluka mu 1892, natchuka nalo kwambiri. Pambuyo pake anapita ku Congo, nabwerako akuikira kumbuyo ulamuliro wa mfumu Leopold ya ku Belgium, pamene anthu ena anali kuulula nkhanza zoopsa zimene zinkachitika kumeneko.

Palibe kholo limene lingawaimbe mai Sheldon mlandu wakuba mwana. Anadutsa, anaona, analemba, napita. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Owerenga buku lao anali ku London ndi ku Boston, osati amtengatenga aja. Mai DeLany nao analemba, koma zao zinali makalata opita ku nyuzipepala ya sukulu yao, Spelman Messenger, ndi kwa mpingo umene unawatuma, kufotokoza za ntchito ndi kupempha thandizo. Kulemba kwao kwina kunali pa sileti, pamaso pa ana a ku Mbombwe. Kumeneko ndiko kunabala mlandu.

Njira ya alendo masiku amenewo inkadzera m'dziko lathu lino. Sitima za panyanja zinkatula anthu pa Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja. Kuchokera apo sitima zazing'ono zinkakwera Zambezi ndi Shire, ndipo chitunda cha ku Blantyre munthu ankachikwera ndi miyendo kapena m'machila, chifukwa njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Ku Mbombwe mai DeLany anapeza mbusa John Chilembwe, amene anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, naphunzira ku Lynchburg, nabwerako mu 1900. Anapezanso Landon Cheek, wakuda mnzao wa ku America, amene anafika mu 1901. Mishoniyo inatchedwa Providence Industrial Mission, kapena PIM. Ntchito ya mai DeLany inali kuphunzitsa ana, kusamala odwala, ndi kuphunzitsa amai kusoka pamodzi ndi mai Ida Chilembwe. Ambiri mwa anthu a m'deralo anali Alomwe, abale athu, amene anaoloka malire kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nakagwa m'thangata m'minda ya azungu ku Magomero.

Pakati pa ana oyamba a sukuluyo panali mnyamata wa Chiyao, Malekebu, wobadwa cha m'ma 1889. Ankagwira ntchito m'nyumba mwa mai DeLany ndi kuwamasulira mau. Dzina lake la chikhristu linali Daniel, ndipo bambo ao a mai DeLany analinso Daniel.

Tiganize pang'ono zimene mnyamata ameneyu ankaona tsiku ndi tsiku. Kunja kwa mishoni, wolemba anali mzungu, wolembedwa anali wakuda. Mzungu ankalemba dzina lako m'buku la msonkho, m'buku la thangata, pa tikiti ya ntchito. Koma m'nyumba muja munali mai wa khungu ngati la amake, wokhala pa tebulo, kulemba kalata. Kalatayo inkaoloka nyanja, ndipo patapita miyezi yankho linkabwera. Mai yemweyo ankadziwa mankhwala, ankatsuka zilonda, ankalankhula ndi mzungu osavula ulemu wake. Kodi panafunikanso kuti mai DeLany anene kuti, "Unditsate"? Ife tiyesa ai. Maso a mwana anali ataona kale.

Pofika 1906 mai DeLany ndi a Cheek anali atabwerera kwao. Daniel anafuna kupita nao, koma makolo ake anakana, ndipo mai DeLany anapita osamtenga. Mnyamatayo sanagonje. Anazemba, nayenda pansi mpaka ku Beira, mtunda woposa makilomita 400. Mlatho wa Dona Ana kunalibe, pakuti unatha mu 1935, ndipo njanji ya ku Beira inali isanafike ku Zambezi. Pa Beira anapeza ntchito m'sitima, nafika ku London, nakweranso ina ya ku New York. Kumeneko mai DeLany ndi a mpingo wao anamlandira, namthandiza kulowa sukulu.

Tsopano tikhale kaye pa khonde la amake a Daniel. Anthu ophunzira amafulumira kunena kuti makolo otere anakana chifukwa cha umbuli. Ife sitikuvomereza. Makolo a mbadwo umenewo anaona ndi maso ao magulu a akapolo akupita kunyanja ali m'magoli. Njira imodzi inkadutsa pafupi ndi ife pomwe pano, pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kulowera ku Quelimane. Angerezi anamanga linga la Fort Lister pa mpata umenewo mu 1893 kuti atseke njirayo. Pamene Daniel ankapempha ulendo, zaka zinali zitangopitirira pang'ono 10 chimangire lingalo. Kwa mai wa ku Chiradzulu, wopita kunyanja yamchere anali munthu wosabwerera. Ndipo America imene mwana akuitchula ndi dziko lomwelo kumene makolo a mlendoyu anagulitsidwa. Kodi inu mukanalola?

Palinso china. Kwathu kuno mwana si wa bambo ndi mai okha. Ndi wa mbumba yonse, ndipo atsibweni ake ali ndi mau pa iye. Mnyamata wa zaka za m'ma 16 ndiye dzanja lopha mphanje, ndiye wofolera nyumba ya agogo, ndiye woyembekezeka kudzakumba manda a akulu ake. Akachoka, si nkhope yokha imene yasowa pa mudzi. Ife a ku Milange zimenezi sitichita kuuzidwa. Chibalo chinatenga ana athu kunka nao ku minda ya tiyi ndi ku misewu. Ena anapita okha ku mafamu a ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg, natchona. Mu 1986 nkhondo inatibalalitsa, ambiri naoloka Muloza, ndipo si onse amene anabwerera. Mudzi uliwonse uli ndi mai wake amene amatukula mutu akamva galimoto ikuima pa msewu. Misozi ya mai wotere si umbuli.

Ena adzati, "Koma taonani zotsatira zake. Mwanayo anakhala dokotala." Nzoona. Daniel Malekebu anaphunzira ku Selma, ku Durham ndi ku Chicago, ndipo mu 1917 anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville. Ndiye mbadwa yoyamba ya dziko la Malawi kukhala dokotala wa chipatala. Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo zaka 20 pambuyo pake, mu 1937. Koma yankho limeneli ife silitikhutitsa. Tsiku limene Daniel anazemba, palibe amene ankadziwa kuti adzakhala dokotala. Akanatha kufa ndi malungo m'madambo a Zambezi. Akanatha kugwidwa ndi asipai, naponyedwa m'chibalo. Anyamata ambiri anayenda njira yomweyo, nasowa, ndipo palibe amene analemba buku la iwo. Timamva nkhani ya amene anafika. Mlandu sitingauweruze ndi mwai.

Komanso tisaganize kuti kukhala kunali kopanda ngozi. Pa 23 January 1915 John Chilembwe ndi anthu ake anaukira azungu. Pa 3 February anaphedwa m'boma la Mulanje, akuthawira kuno ku malire athu. Boma linagumula tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe, linatseka masukulu a PIM, ndipo ambiri mwa ophunzira ndi atsogoleri a pamenepo ananyongedwa, kuomberedwa kapena kumangidwa. Duncan Njilima, amene ana ake anapita kukaphunzira ku America, anali mmodzi wa ophedwawo. Daniel akanakhala pa mudzi, akanakhala wa zaka za m'ma 26 m'chaka chimenecho, mwana weniweni wa mishoniyo. Makolo ankaopa nyanja, koma imfa inadzera ku mtunda. Iwo sanadziwe, mai DeLany sanadziwe, Daniel sanadziwe.

Tsono ngati zotsatira sizingatiweruzire mlandu, tiweruze ndi chiyani? Tiweruze ndi zimene aliyense anachita ndi zimene ankadziwa pa nthawiyo.

Kuba ndiko kutenga chinthu mwini wake asakufuna. Wakuba mbuzi amaimanga chingwe, naikoka usiku. Mai DeLany sanatero. Makolo atakana, anamvera, napita okha. Mwana anapita ndi miyendo yake, ndipo munthu wokokedwa sayenda makilomita 400 yekhayekha. Apa pali kusiyana kwakukulu pakati pa Daniel ndi mnyamata wa chibalo. Wa chibalo anatengedwa, Daniel anapita. Kwa mai wotsala pa khonde zonsezi zimawawa mofanana, koma si chinthu chimodzi. Mwana ndi wa mbumba, inde. Koma mwana si mbuzi. Ali ndi mtima wake, ndipo tsiku lina mtima umenewo umafuna zake.

Ngakhale zili choncho, sitinena kuti mai DeLany analibe nao mbali. Amene anayatsa ludzu m'mtima wa mwanayo ndi iwo. Walira mvula walira matope. Mphunzitsi sangaphunzitse mwana kuwerenga mapu, kenaka nkudabwa kuti mwana wafuna kuona kumene mapuwo akuloza. Sanganene kuti, "Ine ndinangophunzitsa, zinazo si zanga." Wophunzitsa mwana wa mwini amalowa ngongole, ndipo ngongoleyo ili pawiri: kwa mwana ndi kwa makolo. Ya kwa mwana mai DeLany anailipira. Mnyamata atatulukira ku America, wopanda ndalama, wopanda mbale, sanamkane. Anamtenga ngati wao, monga amanenera akulu kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ya kwa makolo ndi imene inali yovuta. Zaka 20 za kudikira palibe munthu angazibweze.

Koma tifunsenso: nchifukwa ninji mwana wa ludzu anayenera kuoloka nyanja kuti akamwe? Nchifukwa chakuti chitsime chinali kutali. Ku Nyasaland sukulu yoyamba ya sekondale inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, patapita zaka zoposa 30 chichokere Daniel. Kuno ku Mozambique Apwitikizi anatipatsa sukulu ya chiyambi chabe, yophunzitsa katekisimu ndi Chipwitikizi pang'ono, ndipo pofika 1975 anthu 9 mwa 10 alionse sankadziwa kuwerenga. Atsamunda ankafuna manja athu, osati mitu yathu. Kukanakhala sukulu ya udokotala ku Blantyre kapena ku Quelimane, Daniel akanapita Lolemba, nabwera pa tchuthi kudzathandiza kukolola. Pa mlandu umenewu pali woimbidwa wachitatu, amene amai athu aja samtchula, ndipo ife tiyesa gawo lake ndilo lalikulu.

Komabe mau aja akuti sukulu imaba ana ali ndi choona china chimene sichitha ngakhale sukulu ikhale kuseri kwa nyumba. Ilipo sukulu imene imabadi. M'nthawi ya Apwitikizi, munthu wakuda wofuna kulembedwa kuti ndi assimilado ankayenera kuonetsa kuti amalankhula ndi kulemba Chipwitikizi, ndi kuti wasiya miyambo ya makolo ake. Mwana wotere sanafunike kupita ku Beira kuti asowe. Ankasowa ali pa mudzi pomwepo. Ankachita manyazi kudya nsima ndi manja pamaso pa anzake, ankachita manyazi amake akamuitana m'chinenero chao pa msika. Makolo athu anali atachenjeza kale kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Maphunziro amene amaphunzitsa mwana kupenya mwendo wa amake, amenewo ndiwo akuba, ndipo lero lino sanatheretu.

Kodi a mai DeLany anali a mtundu umenewo? Iwo anali mmishoni, ndipo amishoni onse a nthawi imeneyo, oyera ndi akuda omwe, ankaona miyambo yathu yambiri ngati mdima. Zimenezi tisazibise. Zovala zimene ankasoka ku Mbombwe zinali za chizungu. Koma chinthu chimodzi sakanatha kuphunzitsa, ndicho chakuti khungu lakuda ndi lochititsa manyazi, pakuti linali khungu lao lomwe. Ndipo tikaona kumene mtima wa Daniel unaloza atatha maphunziro, tikuona mbeu imene inabzalidwa. Dokotala wakuda akanatha kukhala ku America, nadya bwino. Iye mu 1919 anakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo, amene nayenso anaoloka nyanja ali mwana naphunzira ku Spelman, ndipo awiriwa ananyamuka kubwera kuno. Boma la atsamunda linawakaniza kulowa, poopa kuti za 1915 zingabwerenso. Sanabwerere kukakhazikika ku America. Anakagwira ntchito ku Liberia, akudikira kuti khomo litseguke. Munthu wobedwa mtima sagogoda kawiri pa khomo la kwao.

Nanga mai DeLany? Iwo ulendo wao sunathere ku Mbombwe. Atafika kwao anayenda m'matchalitchi a anthu akuda, akufotokoza za Africa ndi kusonkhetsa ndalama kwa anthu amene nao anali osauka, ochapa zovala ndi olima thonje. Mu 1912 anaolokanso nyanja kunka ku Liberia, kumene anayambitsa mishoni ya Suehn, yokhala ndi sukulu ya ana. Anakhalako zaka 8. Mu 1920 anabwerera ku America thupi litafooka, ndipo mu 1922 anamwalira ku Fernandina komwe anabadwira, ali ndi zaka 51. Ku Chiradzulu sanapondekonso.

Mu 1926 boma linalola, ndipo Dr Malekebu ndi akazi ao anafika ku Mbombwe. Mai DeLany anali atamwalira zaka 4 m'mbuyomo. Pamalo pa tchalitchi cha Chilembwe anapeza mabwinja. Anaumbitsa njerwa, namanga tchalitchi china, natsegula masukulu ndi chipatala, ndipo mipingo ya PIM inafalikira mpaka m'maiko oyandikana, kuno ku Mozambique komwe. Dr Malekebu anamwalira mu 1978.